Mipando Yopanda Malipiro: Anthu Otsogolera Mabungwe a Matenda a Huntington

Mabungwe ambiri othandiza anthu odwala matenda osapezekapezeka a mu ubongo ndi m'mitsempha sanayambitsidwe ndi boma, ndiponso sanayambitsidwe ndi madokotala. Anawayambitsa ndi anthu amene matendawo anawalowera m'nyumba, ndipo mpaka lero, ngakhale ena mwa mabungwewa anakula n'kulemba anthu ntchito, amene amakhala m'makomiti aakulu owatsogolera salandira malipiro. Tikamva za anthu ongodzipereka, maganizo amathamangira kwa amene amathamanga mitunda italiitali posonkhanitsa ndalama, kapena amene amaphika tiyi pa misonkhano. Ine ndikufuna kulemba za ena amene saonekera kwenikweni: wapampando, mlembi, msungichuma ndi anzawo, amene amasaina zikalata, amayankha boma likafunsa za kayendetsedwe ka chuma, ndiponso amagamula kumene kandalama kochepa kamene kapezeka kapite. Ndasankha matenda a Huntington chifukwa ndi amene ndakumana nawo pa ntchito yanga yosamalira odwala kuno ku England, komanso chifukwa mbiri ya mabungwe ake imaonetsa poyera kuti zimene anthu amenewa amagamula zimafika patali kuposa mmene eniakewo amaganizira.

Matendawa anapatsidwa dzina la George Huntington, dokotala wa ku America amene anawafotokoza momveka bwino mu 1872, potengera zimene iye, bambo ake ndi agogo ake, onse madokotala, anaona m'mabanja ena a ku Long Island. Ndi matenda akumtundu. Kholo limodzi likakhala nawo, mwana aliyense akhoza kutengera kapena kupulumuka, theka ndi theka, kaya ndi wamwamuna kapena wamkazi. Nthawi zambiri amayamba kuonekera munthu ali ndi zaka za pakati pa 30 ndi 50, atakwatira kale ndi kubereka ana. Thupi limayamba kugwedezeka ndi kupotokola lokha, mayendedwe amafanana ndi a munthu woledzera, mtima umapsa msanga, kuganiza kumachedwa, ndipo zaka zikamapita kulankhula ndi kumeza kumavuta. Kuchokera pamene zizindikiro zaonekera, ambiri amakhala ndi moyo zaka 15 mpaka 20. Mankhwala ochepetsa kugwedezekako alipo, monga tetrabenazine, koma ochiritsa palibe.

Kuchepa kwa odwala ndi kumene kumasiya mabanja paokha. Ku America lamulo limati matenda ndi osapezekapezeka akakhudza anthu osakwana 200,000 m'dzikolo, ndipo a Huntington amene akudwala kumeneko alipo pafupifupi 41,000. Dokotala wamba akhoza kugwira ntchito moyo wake wonse n'kungoona wodwala mmodzi kapena awiri, wandale saonapo mavoti ambiri, ndipo kampani yopanga mankhwala imayamba yawerenga ogula. Pamwamba pa izi panali manyazi. Kwa zaka zambiri mabanja ankabisa matendawa, ankati agogo anachita misala kapena amalume anafa ndi mowa, poopa kuti ana awo sakwatiwa kapena achotsedwa ntchito. Munthu wofuna kuyambitsa bungwe anayenera kuyamba wapeza anzake amene ankadzibisa mwadala.

Ntchito imeneyi anaiyamba ndi mayi Marjorie Guthrie, amene anali katswiri wovina m'gulu la Martha Graham ku New York. Amuna awo, Woody Guthrie, anali woimba wotchuka, ndipo asanapezeke ndi matendawa mu 1952, madokotala anali atawanena kale kuti ndi chidakwa, ena nati ndi wodwala misala. Mayi awo a Woody anamwalira m'chipatala cha odwala misala ku Oklahoma ndi matenda omwewa. Woody anakhala m'zipatala zaka zoposa khumi mpaka anamwalira pa 3 Okutobala 1967, ndipo chaka chomwecho, iwo asanatsirizike, mayi Guthrie anaika kachilengezo m'nyuzipepala ina ya ku New York kofunafuna mabanja ena a vuto ngati lawo. Anayankha ndi ochepa, koma ochepawo ndi amene anakhala maziko a Committee to Combat Huntington's Disease, bungwe limene pambuyo pake linasanduka Huntington's Disease Society of America. Mayiwa anali ndi ana atatu amoyo, aliyense wosadziwa ngati watengera, choncho sankagwira ntchitoyi chifukwa cha chifundo chokha. Anayenda m'mizinda ndi m'mayiko akulankhula ndi mabanja, madokotala ndi andale, ndipo Nyumba ya Malamulo ya ku America itakhazikitsa komishoni yofufuza za matendawa, iwo ndi amene anakhala wapampando wake mpaka lipoti linatuluka mu 1977. M'zaka zomwezo Mauveen Jones anayambitsa bungwe la ku Britain mu 1971, ndipo Ralph Walker, mlangizi wa ana asukulu ya sekondale ku Ontario, pamodzi ndi akazi ake Ariel, anayambitsa la ku Canada mu 1973.

Kutsidya lina la America, ku Los Angeles, kunali bambo Milton Wexler, katswiri wa matenda a maganizo. Mu 1968 mayi wa ana awo, Leonore, anapezeka ndi matendawa, wapolisi wina atawakalipira pamsewu poganiza kuti aledzera m'mawa. Bambo awo a Leonore ndi alongo awo atatu anali atamwalira kale ndi matenda omwewa. Bambo Wexler anaitana ana awo awiri, Alice ndi Nancy, nawauza chimene chinali kuwayembekezera, kenaka anayambitsa nthambi ya bungwe la mayi Guthrie ku California. Pali chinthu chimodzi chimene chimandigwira mtima ndikamaganiza za mayi Guthrie ndi bambo Wexler: onse anali atasudzulana kale ndi odwalawo. Ukwati wa Marjorie ndi Woody unatha mu 1953, ndipo wa Milton ndi Leonore unatha matenda asanadziwike. Palibe lamulo kapena mwambo umene unkawakakamiza kubwerera, koma ana anali pakati, ndipo anawo ndi amene anawasunga pa ntchitoyi mpaka imfa.

Awiriwa sanagwirizane nthawi yaitali. Mayi Guthrie ankafuna bungwe la mabanja, lokhala ndi nthambi m'madera ambiri, lophunzitsa madokotala ndi kulimbana ndi boma kuti odwala asamalidwe. Bambo Wexler ankaona kuti ndalama zimene anasonkhanitsa ku California ziyenera kupita ku kafukufuku, chifukwa chisamaliro chokha sichikanapulumutsa ana awo. Patapita zaka zochepa gulu la ku California linadzipatula n'kukhala Hereditary Disease Foundation. Ena amaiona nkhani imeneyi ngati mkangano wa anthu awiri ouma mitu, ndipo mwina kuuma mutu kunalipo ndithu. Koma ine ndimaona kuti anakangana pa funso lenileni limene komiti iliyonse yotere imakumana nalo, loti ndalama zithandize munthu amene akutsamwa ndi chakudya lero, kapena zisakire mankhwala a mwana amene adzadwale zaka makumi awiri zikubwerazo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo mayi Guthrie akanamva mwambi umenewu akanaugwirizana nawo. Komabe fodya wa pachala wa bambo Wexler sanapite yense ndi mphepo.

Bambowa sanali katswiri wa sayansi ya chibadwa, koma ankadziwa kukhazika anthu pansi kuti alankhule momasuka, popeza imeneyo inali ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Anayamba kuitana asayansi achinyamata ku timisonkhano ting'onoting'ono, topanda malipoti olembedwa kale, kumene aliyense ankaloledwa kunena maganizo ake ngakhale osapsa bwino. Pa umodzi mwa timisonkhano timeneti, mu 1979, panakambidwa njira yatsopano yofufuzira malo a jini, kachigawo ka DNA (malangizo a chibadwa amene timatengera kwa makolo) kamene kamayambitsa matenda, pogwiritsa ntchito zizindikiro za mu DNA ya anthu a banja limodzi lalikulu. Akatswiri ambiri ankati ntchitoyo ingatenge zaka makumi angapo. Komiti ya anthu osalipidwa ya bungwe la a Wexler inavomera kuika ndalama pa njira imeneyo, ndipo chigamulo chimenechi ndi chimene ndimatanthauza ndikamati zochita za anthu amenewa zimafika patali.

Banja lalikululo linali ku Venezuela, m'mbali mwa nyanja ya Maracaibo. Dokotala wa kumeneko, Américo Negrette, anali ataona kale m'zaka za m'ma 1950 kuti anthu ambiri a ku San Luis amene ankaoneka ngati oledzera anali odwala, ndipo mu 1972 wophunzira wake Ramón Ávila Girón anaonetsa kanema wa odwalawo pa msonkhano wa akatswiri ku Columbus, Ohio. Nancy Wexler anapita kumeneko koyamba mu 1979, ndipo kuyambira mu 1981 ankabwererako chaka ndi chaka kwa zaka pafupifupi makumi awiri ndi gulu la madokotala. Analemba mzere wa chibale wa anthu oposa 18,000 ndipo anatenga magazi a anthu oposa 4,000, ambiri a iwo asodzi osauka a ku San Luis, Barranquitas ndi midzi ina. Chimene chinathandiza kuti anthuwo avomere n'chakuti iye anawauza kuti mayi ake anafa ndi matenda omwewo, ndipo nayenso sakudziwa za mawa lake. Mu 1983 James Gusella wa ku Massachusetts General Hospital anapeza kuti jiniyo ili pa chromosome 4, umodzi mwa mitolo ya DNA ya m'thupi la munthu. Mayi Guthrie anali atamwalira ndi khansa mu Malichi chaka chomwecho, miyezi yochepa nkhaniyi isanalengezedwe. Panapitanso zaka khumi kuti jini yeniyeniyo ipezeke, ndipo mu Malichi 1993 magulu asanu ndi limodzi a asayansi, amene bungwe la a Wexler linawalimbikitsa kugawana zimene apeza m'malo mopikisana, analengeza limodzi kuti vuto ndi zilembo zitatu za DNA, CAG, zimene zimabwerezedwa mopitirira muyeso. Zikabwerezedwa maulendo 40 kapena kuposerapo, munthu adzadwala ndithu akakhala ndi moyo wautali, pamene pakati pa 36 ndi 39 akhoza kudwala kapena ayi.

Kupezeka kwa jini kunabweretsa vuto latsopano, ndipo apanso ongodziperekawo ndi amene analankhula zanzeru. Tsopano munthu wathanzi akanatha kuyezetsa magazi n'kudziwa kuti adzadwala matenda opanda mankhwala. Mgwirizano wa mabungwe a mabanja, International Huntington Association, unakhala pansi ndi akatswiri a World Federation of Neurology, bungwe la madokotala a ubongo ndi mitsempha, n'kulemba malamulo oyezera, amene anakonzedwanso mu 1994. Malamulowo amati munthu asakakamizidwe ndi wina aliyense, alandire uphungu asanayezetse ndiponso atamva zotsatira, ndipo ana aang'ono amene alibe zizindikiro asayezedwe chifukwa chongoti makolo akufuna kudziwa. Ndi anthu amene anakulira m'nyumba za matendawa amene ankadziwa bwino kuti kusafuna kudziwa ndi ufulu, ndipo mpaka lero ambiri mwa amene ali pachiopsezo amasankha kusayezetsa.

Ine zonsezi ndinazidziwa mochedwa, nditakumana kale ndi zipatso zake. Kunyumba yosamalira odwala kumene ndimagwira ntchito kunabwera bambo wina wa zaka za m'ma 40 wodwala matendawa. Ankadya kwambiri koma ankangoonda, ankakwiya tikasintha nthawi yosamba, ndipo tikamufunsa funso ankangotiyang'ana, ife n'kumaganiza kuti sakufuna kuyankha. Amene anatitsegula maso anali mayi wina wamasiye wochokera ku nthambi ya m'dera lathu ya bungwe la matendawa, amene anasamalira amuna awo mpaka kumanda. Anatiuza kuti tizifunsa funso limodzi n'kudikira ngakhale patenge nthawi, chifukwa yankho limakhala lili m'njira ndipo kubwereza funso kumamubweza poyambira. Anatifotokozera kuti thupi logwedezeka limatha mphamvu zambiri, choncho chakudya chiyenera kukhala chamafuta ndi chofewa, chodyedwa pamalo opanda phokoso. Mabungwe aakulu monga Huntington's Disease Association, limene likulu lake lili ku Liverpool, ali ndi alangizi olipidwa amene amaphunzitsanso zoterezi, koma nthambi ndi magulu a m'madera amayendetsedwa ndi anthu ngati mayi ameneyu.

Nditayamba kupita ku misonkhano yawo ndinapeza kuti ntchito ya utsogoleri ndi yotopetsa kuposa mmene imamvekera. Nthawi yambiri imathera pa kuwerenga maminitsi, kuona malisiti, kukambirana za inshulansi ya holo imene amachitiramo misonkhano, ndi kugawana kuti ndani aimbire foni banja limene langomva kumene zotsatira. Amene ali pa komiti yaikulu ya bungwe lonse, matrasti, mtolo wawo ndi wolemera kuposa pamenepo. Ku England ndi ku Wales amayankha kwa Charity Commission, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe achifundo, ndipo bungwe lililonse lolandira ndalama zopitirira mlingo umene lamulo linaika pachaka liyenera kupereka mabuku ake a chuma kuti munthu wapadera awaunike. Matrasti ndi amene amalemba ntchito mkulu wa bungwe ndi kumuyang'anira, ndipo zinthu zikasokonekera mlandu umayamba wagwa pa iwo, ngakhale kuti chimene amabwezeredwa ndi ndalama ya sitima ndi zina zimene awononga pa ntchitoyo basi.

Tsiku lina ndinaona mkangano wa mayi Guthrie ndi bambo Wexler ukuchitikanso pamaso panga, ngakhale palibe anatchula maina awo. Munthu wina anamwalira n'kusiyira nthambiyo ndalama, zosachuluka kwenikweni koma zoposa zimene anazolowera. Bambo wina amene ana ake awiri sanayezetse anati zonse zipite ku kafukufuku. Mayi wamasiye uja anati pali mabanja amene sanapumepo kwa nthawi yaitali, ndipo pali wodwala amene akufunika mpando wapadera wosagwa akamagwedezeka. Analankhulana mwaulemu, koma mawu a onse awiri ankanjenjemera. Anamaliza ndi kugawa ndalamazo, ndipo palibe anachoka wokhutira. Ndinaona kuti munthu wolembedwa ntchito akanagamula msanga ndiponso mwadongosolo, koma mabanjawo sakanalandira chigamulo chake mmene analandirira cha anzawo, amene aliyense ankadziwa chimene akutaya.

Mphamvu imeneyi ndi yomwenso imawafooketsa. Anthu otsogolera mabungwe oterewa amachoka kunyumba kumene akusamalira wodwala, n'kupita ku msonkhano wokamba za matenda omwewo, n'kubwereranso kukapitiriza kusamalira. Ena amatopa n'kusiya mwadzidzidzi, ena amakakamira mpando zaka zambirimbiri chifukwa bungwe lasanduka chikumbutso cha wokondedwa wawo, ndipo achinyamata amaopa kuwauza kuti nthawi yakwana. Chopweteka koposa n'chakuti mtsogoleri mwiniyo akhoza kuyamba kudwala ali pampando, ndipo popeza matendawa amakhudza kaganizidwe ndipo nthawi zina wodwala saona kusintha kwake, anzake amakhala ndi ntchito yowawa youza msungichuma amene amamukonda kuti mabuku sakuyendanso bwino. Nancy Wexler, amene anatsogolera bungwe la banja lake zaka zambiri, anaulula poyera mu 2020 kuti nayenso ali ndi matendawa. Chaka chotsatira, mu Malichi 2021, kampani ya Roche inasiya kupereka mankhwala oyeserera a tominersen pa kafukufuku wa anthu pafupifupi 800 amene mabanja ambiri ankamudalira, ndipo amene anatsala ndi ntchito yotonthoza anthu m'madera anali ongodzipereka omwewa, ena a iwo akulira chiyembekezo chawo chomwe.

Chimene chimandivutitsa kwambiri ndi nkhani ya amene sakhala nawo pa makomitiwa. Mabanja a ku Maracaibo anapereka magazi amene anatsegula njira, koma ambiri akadali mu umphawi wadzaoneni. Bungwe la a Wexler linathandiza kumanga nyumba yosamalira odwala kumeneko, Casa Hogar Amor y Fe, imene inatsegulidwa mu 1999, ndipo pa 18 Meyi 2017 ena mwa mabanja a ku South America analandiridwa ndi Papa Francis ku Vatican. Zimenezi ndi zabwino, koma sindikhulupirira kuti zikufanana ndi ngongole imene sayansi ili nayo kwa anthu amenewa. Palinso matenda ena otchedwa HDL2, amene anafotokozedwa mu 2001. Amafanana kwambiri ndi a Huntington koma amachokera ku jini ina, JPH3, ya pa chromosome 16, ndipo pafupifupi onse amene apezeka nawo ali ndi makolo ochokera ku Africa, ambiri a iwo ku South Africa, kumene akatswiri a ku University of the Witwatersrand awafufuza. Munthu wotere akayezedwa jini ya Huntington yokha amauzidwa kuti alibe, ndipo akhoza kubwerera kunyumba wopanda dzina la vuto lake. Komiti imafunsa mafunso a anthu amene akhala pamenepo, choncho ngati palibe wa banja lotere, funso limeneli silifika pa mndandanda wa zokambirana.

Nkhani ya HDL2 ndinaitchula pa msonkhano wa nthambi yathu, ndipo anailandira bwino, mwina bwino mopitirira, chifukwa posakhalitsa anandipempha kuti ndilowe m'komiti, mpando wa msungichuma utakhala wopanda munthu. Makomiti oterewa amafunadi anthu akunja odziwa mabuku a chuma ndi malamulo, ndipo sindigwirizana ndi amene amati wosadwazikapo asalankhule. Komabe ine ndikaweruka ndimapita kunyumba kumene kulibe matendawa, ndipo ana anga sakudikira zotsatira za magazi. Ndinavomera kusunga malisiti ndi kukonza mabuku kuti akaunikidwe pa nthawi yake, ndipo ndinalonjeza kufunsa ku chipatala cha matenda akumtundu cha m'dera lathu mmene amachitira ndi odwala ochokera ku Africa amene jini ya Huntington sinapezeke. Pa nkhani yogamula kumene ndalama zipite ndinapempha kuti ndisamaponye nawo voti, ndipo wapampando anati pempho langalo alikambirana pa msonkhano waukulu wa pachaka, chifukwa malamulo a nthambiyo samadziwa msungichuma wosavota.